KULEKA FODYA PAMALO A NTCHITO

Munthu wolembedwa ntchito amakhala pantchito pake kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa mlungu. Anzake a pantchito amakhala nawo nthawi yaitali koposa ana ake omwe. Ngati ali wosuta fodya, ndudu zake zambiri amasutira komweko: pa nthawi ya tiyi, atatha kudya nsima ya masana, ndiponso pamene kapitawo wapotoloka. Chifukwa cha ichi eni ntchito a m'maiko ena, makamaka ku America ndi ku Ulaya, anaganiza kuti malo amene munthu amasutirapo kwambiri ndiwo oyenera kumuthandizirapo kuti aleke. Phunziro la mwezi uno likufotokoza njira zimene iwo anayesa, ndi zimene zinaoneka pamene anawerenga bwino anthu amene analekadi.

KALE ANKAOPA MOTO

Lamulo loletsa kusuta pantchito si lachilendo ayi, koma kale chimene eni ntchito ankaopa chinali moto. M'migodi ya malasha munthu ankamufufuza m'matumba asanatsike pansi, ndipo wopezeka ndi machesi kapena ndudu ankalangidwa, pakuti m'migodi yotere muli mpweya wina umene umaphulika ukakhudzana ndi moto. Mumzinda wa New York, pa 25 Malichi 1911, fakitale yosoka malaya yotchedwa Triangle inapsa ndipo anthu 146 anafa, ambiri a iwo atsikana. Ofufuza anaganiza kuti moto unayamba ndi machesi kapena ndudu imene wina anataya m'bokosi la zidutswa za nsalu. Kusuta kunali koletsedwa m'fakitalemo, koma ena ankasuta mobisa. Mlimi wa fodya saona chodabwitsa pamenepa, popeza iyenso salola munthu kuyatsa ndudu m'chigafa masamba atauma.

Za moyo wa wosuta mwini wake, masiku amenewo anali ochepa amene ankazilabadira. Madotolo omwe ambiri ankasuta.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1950. Akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anafunsa odwala m'zipatala za ku London kuti adziwe chimene chinkachulukitsa nthenda ya khansa ya m'mapapo. Doll poyamba ankaganizira phula la m'misewu ndi utsi wa magalimoto. Koma mwa amuna 649 odwala nthendayi, anapeza awiri okha amene sankasuta. Doll nayenso anali wosuta, ndipo analeka ntchitoyo ili mkati.

Chaka chotsatira awiriwa analembera makalata madotolo onse a ku Britain kuwafunsa za kasutidwe kawo, ndipo madotolo aamuna oposa 34,000 anawatsatira kwa zaka 50. Zotsatira zomaliza zinatuluka mu 2004. Zinasonyeza kuti wosuta moyo wake wonse amafa zaka pafupifupi 10 msanga poyerekeza ndi wosasuta, ndi kuti theka la osuta otere amaphedwa ndi fodya wawoyo. Koma zinasonyezanso china chimene wosuta aliyense ayenera kuchimva. Woleka ali ndi zaka 60 amawonjezera zaka pafupifupi 3 pa moyo wake. Woleka ali ndi zaka 50 amawonjezera 6, wa zaka 40 amawonjezera 9, ndipo woleka ali ndi zaka 30 amapulumuka pafupifupi ku ngozi yonse. Motero bambo wa imvi amene amati kwa iye nthawi inatha kale akudzinamiza.

CHIFUKWA CHAKE KULEKA N'KOVUTA

Nanga ngati zoipa za fodya zinadziwika kalekale chomwechi, bwanji anthu sangomutaya? Alipo ena amene amati wosuta ndi munthu wopanda mtima wolimba. Amenewa sanamvepo chibaba.

M'tsamba la fodya muli mankhwala otchedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini amalowa m'magazi kudzera m'mapapo ndi kufika ku ubongo pasanathe theka la mphindi. Ubongo umazolowera, ndipo ukamusowa umayamba kuvutitsa mwini wake. Munthu amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, tulo samatiwona bwino, maganizo sakhazikika pa ntchito, ndipo njala imamugwira kawirikawiri. Mavutowa amakula koposa mlungu woyamba, nayamba kuchepa pakatha milungu itatu kapena inayi. Chibaba chimabwera ngati mvula ya mkuntho: chimafika ndi mphamvu, koma pakapita mphindi zowerengeka chimadutsa. Amene amayesa kuleka payekha, popanda womuthandiza ndiponso popanda mankhwala, nthawi zambiri amabwerera. Mwa anthu 100 oyesa chotero, amene amafika chaka chathunthu osasuta sapitirira asanu.

Mankhwala ena othandiza pa chibaba anachokera ku vuto la pantchito. Ku Sweden asilikali oyenda m'sitima za pansi pa madzi sankaloledwa kusuta, ndipo ankaika fodya m'kamwa kuti apirire. Mu 1967 dotolo wina, Claes Lundgren, ataona zimenezi analembera katswiri wa mankhwala Ove Fernö kumuuza kuti ayese kupanga chinthu chopatsa munthu nikotini popanda utsi. Chotsatira chake chinali chingamu chotafuna chokhala ndi nikotini, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1978. Pambuyo pake kunabweranso kachigamba komata pakhungu. Nzeru yake ndi yakuti chimene chimawononga mapapo kwambiri ndi utsi ndi phula lake. Tsono munthu amalandira nikotini pang'onopang'ono, namuchepetsa kufikira ataleka. Mu 2009 bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika. Koma wina asaganize kuti fodya wa m'mphuno kapena wa m'kamwa ndi mankhwala. Ameneyo ndi fodya ndithu, ndipo ali ndi nthenda zake za m'kamwa.

KULETSA KOKHA

Pa 29 Malichi 2004 dziko la Ireland linakhala loyamba kuletsa kusuta m'nyumba zonse zogwiriramo ntchito, ndi nyumba za mowa zomwe. England inatsatira pa 1 Julayi 2007. Cholinga chachikulu chinali kuteteza wosasuta amene amapuma utsi wa mnzake tsiku lonse, ndipo ku Ireland kunaonekadi kuti ogulitsa mowa anayamba kupuma bwino ndi kutsokomola pang'ono.

Kwa osuta eni ake lamulo lotere limathandiza, koma pang'ono chabe. Akatswiri amene mu 2002 anasonkhanitsa zopezeka m'malo ambiri oletsa kusuta anaona kuti mwa antchito 100 alionse osuta amachepa ndi anthu pafupifupi anayi, ndipo otsalawo amachepetsa ndudu zitatu pa tsiku. Ena onse amangotuluka panja, nakaima kuseri kwa nyumba. Chikwangwani cha pakhomo chimauza munthu pamene sayenera kusutira, koma sichimuchotsera chibaba.

Motero makampani ena anawonjezera chithandizo. Kampani ya Johnson & Johnson ya ku America inayamba dongosolo lake losamalira umoyo wa antchito mu 1979, ndipo kuleka fodya kunali mbali imodzi ya dongosololo. M'madongosolo otere antchito osuta amasonkhana pa nthawi ya ntchito, malipiro awo osadulidwa. Mlangizi amawathandiza kusankha tsiku limodzi lolekera, nawafunsa aliyense nthawi imene chibaba chimamugwira kwambiri ndi chimene adzachite m'malo moyatsa ndudu. Mankhwala amaperekedwa ulere kapena pa mtengo wotsika. Ena anaonjezanso mphotho ya ndalama kwa woleka. Eni ntchito sachita izi chifukwa cha chifundo chokha. Wosuta amajomba kawirikawiri chifukwa cha matenda, ndipo ku America kampani yaikulu ndiyo imalipira mbali yaikulu ya ndalama za kuchipatala za antchito ake.

ZIMENE ANAPEZA ATAYESA

Kampani iliyonse ingathe kutama dongosolo lake. Njira yodziwira zoona ndiyo imene alangizi a ulimi amachita pa munda wachitsanzo: mbewu imodzi, nthaka imodzi, koma ndime ina ithiridwa feteleza ndipo ina ayi, kenaka nkuyeza zokolola.

Zotere zinachitika ku kampani ya General Electric ku America, motsogozedwa ndi Dotolo Kevin Volpp wa pa yunivesite ya Pennsylvania, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2009. Antchito osuta 878 anagawidwa m'magulu awiri mwa maere. Gulu loyamba linangouzidwa kumene lingapeze maphunziro olekera fodya. Gulu lachiwiri linauzidwa zomwezo, koma linalonjezedwanso ndalama: madola 100 kwa wotsiriza maphunziro, madola 250 kwa woleka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndi madola 400 kwa wokhalabe osasuta miyezi ina isanu ndi umodzi. Zonse pamodzi madola 750. Owerenga aone kuti ndalama zambiri anaziika kumapeto, chifukwa kuleka mlungu umodzi ambiri amatha. Chovuta ndi kusabwerera. Ndiponso mawu a pakamwa sanali okwanira. Wonena kuti waleka ankamuyeza malovu kapena mkodzo, mmene chizindikiro cha nikotini chimatsalamo masiku angapo.

Patapita miyezi 9 mpaka 12, mwa anthu 100 alionse a gulu loyamba analeka anali 5. A gulu la mphotho anali pafupifupi 15. Mphotho zitatha anawayezanso, ndipo anapeza 9 pa 100 m'gulu la mphotho ndi osakwana 4 pa 100 m'gulu linalo. Kunena zoona, mphotho inachulukitsa oleka pafupifupi katatu. Komabe 85 mwa 100 alionse anapitiriza kusuta ngakhale madola 750 anali patsogolo pawo. Wina akafuna kudziwa mphamvu ya chibaba, ayang'ane nambala imeneyi.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake. Pamene kampaniyo inafuna kufalitsa dongosololi kwa antchito ake onse, osasuta anadandaula. Iwo anati si bwino kulipira munthu chifukwa choleka chinthu chimene anzake sanachiyambe n'komwe. Kampani inamvera, ndipo m'malo mwa mphotho kwa woleka inaika ndalama zowonjezera zoti wosuta azilipira pa chithandizo chake cha kuchipatala. Dandaulo la osasutawo ndi lomveka. Koma chimene chinayesedwa ndi kupezeka chothandiza chinali mphotho, osati chindapusa.

Kuyesa kwina kunachitika pakati pa antchito a kampani ya masitolo a mankhwala ya CVS, pamodzi ndi abale ndi anzawo, anthu 2,538 onse pamodzi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Kampaniyi inali italeka kugulitsa ndudu m'masitolo ake mu Seputembala 2014. Pano anafuna kuona ngati munthu amalimbika koposa akaikapo ndalama zakezake. Ena analonjezedwa mphotho ya madola 800 osaperekapo kanthu. Ena anauzidwa kuti ayambe apereka chikole cha madola 150. Akaleka adzabwezeredwa chikolecho pamodzi ndi madola 650, koma akalephera chikole chidzapita. Mphotho yaulere anaivomera 90 pa 100. Chikole anachivomera 14 okha pa 100. Koma mwa ochepa amene anapereka chikole, oposa theka analeka fodya, pamene mwa ovomera mphotho yaulere analeka 17 pa 100. Munthu amamva kuwawa kutaya ndalama imene ili kale m'manja mwake koposa kuphonya imene analonjezedwa chabe. Vuto lake ndi lakuti ambiri amakana kuikapo chikole poyamba pomwe, ndipo powerenga onse pamodzi, ovomera ndi okana omwe, mphotho yaulere ndiyo inalekitsa anthu ambiri.

Nanga kungopereka mankhwala ulere? Mu 2018 kunatuluka zotsatira za osuta 6,006 a m'makampani 54 a ku America. Amenewa analembedwa onse, ofuna kuleka ndi osafuna omwe, ndipo mmodzi yekha mwa asanu alionse ndiye anaonetsa chidwi. Mwa opatsidwa mwayi wa mankhwala aulere, analeka 5 pa 1,000. Pamene anaonjezapo ndalama, nambala yaikulu koposa inafika 29 pa 1,000. Mankhwala ogona m'kabati ya mu ofesi sachiritsa munthu amene sanatsimikize mumtima mwake.

Ku Netherlands anayenda njira ina. Antchito 604 a m'makampani 61, onse odzipereka okha, ankasonkhana m'magulu pamalo awo a ntchito kamodzi pa mlungu kwa milungu isanu ndi iwiri, msonkhano uliwonse ola limodzi ndi theka. Ankawayeza ndi kachipangizo kouziramo mpweya. M'makampani ena anaonjezapo makadi ogulira zinthu a mayuro 350. Patatha chaka, amene anali ndi misonkhano yokha analeka 26 pa 100, ndipo amene anali ndi misonkhano pamodzi ndi mphotho analeka 41 pa 100. Zotsatirazi zinasindikizidwanso mu 2018. Nambalazi n'zazikulu koposa za ku America zija, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti awa anabwera mwa kufuna kwawo. Koma gulu nalonso lili ndi mphamvu yake. Munthu amene analonjeza pamaso pa anzake khumi, amene adzaonana nawo mawa m'mawa pa ntchito, amachita manyazi kuyatsa ndudu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

NJIRA YA CHIKWAPU

Alipo eni ntchito ena amene anatopa ndi kunyengerera. Mu 2005 kampani ya Weyco ya ku Michigan inalamula kuti antchito ake asasute ngakhale kunyumba kwawo, ndipo anayi amene anakana kuyezedwa ntchito inawathera. Kumapeto kwa chaka chomwecho World Health Organization inalengeza kuti sidzalembanso ntchito anthu osuta. Zigawo zambiri za dziko la America zili ndi malamulo oletsa bwana kuchotsa munthu chifukwa cha kusuta kunja kwa nthawi ya ntchito.

Njira yotere imayeretsa mabuku a kampani, koma munthu uja amapita ndi chibaba chake. Amakafika kunyumba alibe malipiro, mtima uli m'mwamba, ndipo nthawi yotere ndiyo imene wosuta amasuta kwambiri. Ndiponso m'maiko ambiri osuta ochuluka ndi anthu a malipiro ochepa, kotero chilango chimagwera amene ali kale pansi.

KUNO KWATHU

Dziko la Malawi limadziwa fodya koposa maiko ambiri, pakuti ndi limodzi mwa maiko olima fodya wa bale wochuluka pa dziko lonse. Kulima fodya ndi kumusuta ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ambiri mwa alimi amene amatumiza mabelo ku okushoni sasuta. Koma amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame, namva chizungulire ndi mseru, anakumana naye kale nikotini, chifukwa amalowanso kudzera pakhungu. Mu 2023 Malawi inalowa m'pangano la maiko loyang'anira za fodya la World Health Organization. Mwa zina, panganoli limapempha maiko kuteteza anthu ku utsi m'nyumba zogwiriramo ntchito, ndi kuthandiza ofuna kuleka.

Amene ayenera kuchenjera koposa ndi ogwira ntchito m'fumbi. Midzi yambiri ikukumbukira amuna amene anapita ndi Wenela ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene makolo ankati ku Joni, nabwerako ndi chifuwa chosatha chifukwa cha fumbi la miyala. Mapapo olasidwa kale ndi fumbi sangapirirenso utsi. Wosuta amagwidwa ndi chifuwa chachikulu cha TB mosavuta, pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wosasuta. Ophwanya miyala, owotcha njerwa, ocheka matabwa ndi ogwira ntchito pa chigayo aganizire zimenezi. Ndudu yopichira pamanja ya chingambwe siposa ya m'sitolo ubwino. Utsi wake ndi womwewo.

Sukulu, esiteti, chipatala chaching'ono ndi ofesi ya kwa mfumu ndi malo a ntchito chimodzimodzi ndi makampani aakulu aja. Madola 750 palibe angawapeze, koma zina zonse zingatheke. Ofuna kuleka, ngakhale atatu kapena anayi, asankhe tsiku limodzi lodziwika, milungu iwiri kutsogolo, ndipo auze mkulu wa ntchito ndi a kunyumba kwawo. Usiku woti mawa ndi tsikulo ataye fodya yense wotsala, osasunga ndudu imodzi yoti ikhale ya pangozi. Azikumana kamodzi pa mlungu, ndipo mlangizi wa za umoyo wa m'deralo angathe kuitanidwa. Ndalama imene aliyense akanagulira ndudu aziipereka kwa msungichuma amene onse amamukhulupirira, monga amachitira a banki m'khonde, ndipo agwirizane poyamba pomwe za tsiku lodzagawana ndi za ndalama za amene wabwerera. Ku Philippines, pa chilumba cha Mindanao, banki ina inachita zofanana ndi zimenezi: wosuta ankasungitsa ndalama miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akapezeka kuti akusutabe, ndalamazo zinkapita kothandiza osowa.

Anzawo osasuta ali nayo mbali yawo. Mnzawo akamakalipa mlungu woyamba amupirire. Osuta amene sanafune kuleka asamupatse ndudu, ngakhale atapempha yekha. Mowa ndiwo umagwetsa ambiri, choncho mwezi woyamba ndi bwino kuupewa. Ndipo wobwerera asasekedwe kapena kuchotsedwa m'gulu, chifukwa ambiri amene analekeratu anayamba alephera kangapo. Asankhe tsiku lina.

Aphunzitsi angathe kugwiritsa nkhaniyi pa phunziro la masamu. Bambo wosuta ndudu 10 pa tsiku amatha ndudu 3,650 pa chaka. Ana afunse mtengo wa ndudu imodzi pa golosale ya pafupi, achulukitse, kenaka apeze matumba a chimanga kapena a feteleza amene ndalamazo zingagule pa mtengo wa chaka chino. A makalasi apamwamba atenge nambala za ku Netherlands zija, 26 ndi 41 pa 100, napeze anthu amene angaleke pa njira iliyonse pa esiteti ya osuta 300.